Dzira lomwe ndinalikana ku Mzuzu

Nkhani iyi ndinailapa kalekale pamaso pa Mulungu, koma manyazi ake akana kuchoka.

Anali masiku aja oti popanda khadi la chipani basi sukwera. Mwana wanga Yohane, kalaliki ku Mzuzu, anandiitana kuchokera ku Zomba kuti ndikaonane ndi makolo a mtsikana yemwe ankafuna kukwatira. Iye ankagona kachipinda kamodzi ndi mnzake, ndiye anandipezera malo kwa mayi wina wachizungu wolandira alendo apatchuthi.

“Angelezi amati bedi endi bulekifasi, amayi,” anatero Yohane. “Pogona ndi kadzutsa basi. Masana ndi madzulo kulibe.”

Ndinamva bwinobwino, koma mumtima ndinaseka. Khomo lanji losiya mlendo ndi njala?

M'mawa mayi uja anandifunsa ngati ndingadye dzira ndi buledi, kukhi wake a Nyirenda akumasulira. Kwathu mlendo safunsidwa, amangomuikira. Ndinayankha mwaulemu kuti, “Zikomo, ndakhuta.” (Kukhuta chiyani, fumbi la mumsewu?) Anamwetulira, nachotsa mbale.

Ndinadikira masana, zii. Madzulo Yohane anadutsa pochokera kuntchito.

“Mwadya, amayi?”

“Kwambiri, mwanawe.” Sindinafune kunyozetsa eni nyumba.

Kutacha, a Nyirenda anandinong'oneza, “Amama, kuno mukakana ndiye mwakana.” Koma kuvomera lero kukanaulula bodza la dzulo. Ndinakananso.

Masana ine ndi Yohane tinafika ku Ching'ambo, kwawo kwa mtsikana uja. Anatilandira bwino chomene, monga amanenera kumeneko, natiikira mpunga ndi nkhuku. Fungo lokhalo linandichotsa nzeru. Bambo a mtsikana, mkulu wa mpingo, anawerama nati, “Amama, Yohane akuti ndinu a Mvano. Tipempherereni.”

Onse anatsinzina. Ine ntchafu ya nkhuku inali kale m'kamwa. Kulavula sikukanatheka, kumeza inakana. M'nyumba monse munangomveka kutafuna kwanga, mpaka Yohane anayamba yekha pemphero. Ndinkangoti basi, mwana wanga ndamuphera ukwati chifukwa cha dzira limodzi.

Ambuye ndi wachifundo, ukwati unachitika, ndipo mpongozi wanga ndi mphatso. Koma zaka zonsezi asewele anga sanandipemphenso kudalitsa chakudya. Amandiikira mbale yanga poyamba, nkunena mokoma mtima, “Yambani, asewele, ife tipemphera.”