Chitenje cha Apongozi

Lolemba
Tafika ku Nkhotakota kwa apongozi, ine ndi Amina kumsana. Loweruka ndi ukwati wa mlamu wanga. Aka nkoyamba kubwera kuno, ndiye ndiyende ndione:
mkuyu wakale uja
mzikiti wa makolo
madzi otentha
doko la akapolo
Amayi ku Dwambazi akudikira nkhani.

Lachiwiri
Zitenje zanga nzonyowa. Ndatenga chobiriwira pachingwe, ndaberekera Amina. Tisanafike nkomwe pamkuyu, mwana wachita zake, zodzaza! Pobwerera ndikumva apongozi akufunsa za yunifolomu yawo yaukwati. Akuti pansonga anamangirirapo kiyi wa bokosi la zovala za mkwatibwi. Mayo ine. Ndachibisa m'chikwama.

Lachitatu
Ndathamangira kumadzi otentha kukachapa mobisa. Ndayanika pa udzu, ndatembenuka kuyamwitsa. Pa udzupo zobiriwira zilipo zisanu ndi chimodzi! Mtundu wonse unagula nsalu imodzi. Ndatola changa. Kunyumba ndikupapasa nsonga: mfundo ilipo, koma muli fodya wamphuno.
Apongozi safwenkha fodya.

Lachinayi
Ndayenda tawuni yonse, mapazi atupa. Mzikiti ndaudutsa kawiri osauyang'ana, maso ali m'chiuno mwa azimayi. Mayi wina wandikalipira: "Iwe, ukusaka chiyani kumbuyo kwangaku?" Kodi munthu amabwezedwa kwawo chifukwa cha kiyi? Amina angandilande?

Lachisanu
Chitenje ndachibweza pachingwe mwakachetechete. Apongozi achinunkhiza, ayetsemula katatu, andiyang'ana. Bambo a Amina afika, ndalephera kuwauza. Mkwatibwi akulira pabokosi.

Loweruka
Bokosi aliswa ndi nkhwangwa. Linali la malemu apongozi aamuna. Paukwati, agogo ena ovala zobiriwira akumasula nsonga ina poyesa kuti fodya wawo ali m'menemo, kiyi gwe! pamkeka. Akuti masiku atatu akhala akutukwana adzukulu kuti awabera fodya. Anthu kuseka. Ine ndagwada pomwepo, ndaulula zonse, Amina akukoka mpango wanga.

Lamulungu
Apongozi akuti, "Mwananga, ndinakuonani Lachiwiri mukutuluka nacho. Ndimadikira pakamwa panu." Sanandithamangitse. Bola akanandikalipira. Andipatsa kiyi uja kuti ndizisunga, poti alibenso chotsegula.
Minibasi ndi mawa m'mamawa. Doko sindinalione, mkuyu ndinangouonera patali. Amayi akandifunsa za Nkhotakota, ndidzawauza zoona: azimayi akuno amamanga mfundo zolimba.