Telala Amene Sanagwirepo Singano

Pali nkhani imene anzanga a ku koleji ya Chirunga ku Zomba amakonda kuikumba tikakumana paukwati kapena pamaliro, ndipo amaithira mchere wambiri. Ndiye bola ndiinene ndekha, mwina manyazi angachepeko.

Nthawi imeneyo ndinkachita digiri yachiwiri ya mbiri yakale. Mutu wa kafukufuku wanga unali wolemera bwino: momwe kusamuka kwa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe kunaphera malonda a anthu wamba. Mabuku ndinali nditawerenga, ena mpaka kumapeto. Ndinkadziwa kuti akatswiri amakangana. Ena amati tauni inafooka mabwana a boma atangonyamula mafayilo awo, ena amati ayi, ophunzira ndi asilikali anaichirikiza. Ine ndinali nditasankha kale mbali yoyambayo (inkamveka yachisoni, ndipo zachisoni zimakoma polemba).

A Pulofesa amene ankandiyang'anira anandibwezera pepala langa litafiira ndi inki.

"Achimwene, apa mwangocheza ndi mabuku," anatero. "Ku Sadzi kuli telala wakale, Che Amidu, ankasokera akalaliki a boma. Pitani mukawamvere. Kukawamvera, osati kukawaphunzitsa."

Mawu omalizawo anandidutsa pamwamba.

Loweruka m'mawa ndinakwera kabaza, mabanzi ndi shuga zili m'jumbo. Mayi wina wogulitsa tomato anandilozera nyumba ya chitseko chobiriwira. Pakhonde panali bambo wachikulire wovala kachisoti koyera, atakhala pafupi ndi makina osokera ofundidwa chitenje. Mtima wanga unati, wafika.

"Odi. Pano ndi pa Che Amidu?"

"Ndi pompano, bambo. Khalani."

Ndinapereka moni ndi jumbo ija, n'kutsegula foni kuti ijambule mawu.

"Likulu litasamuka, ntchito inavuta kwambiri eti?"

Anayang'ana mabanzi, n'kuyang'ana ine. "Inavuta, bambo. Inavuta zedi."

"Makasitomala onse anapita?"

"Onse. M'tauni munatsala agalu okha."

"Mwina munkasokera ngakhale akuluakulu?"

Apa anakhala tsonga. Anati thalauza ya bwanamkubwa weniweniyo, mzungu uja wa nthawi ya atsamunda, ankayeza ndi iwo, ndipo mwendo wake wina unali waufupi. Anati tsiku losamuka aphungu onse anakwera malole akulira, ena atasenza mipando ya m'Nyumba ya Malamulo pamutu, ndipo nkhungu inatsika m'phiri n'kuphimba tauni masiku atatu. Ine ndinkangogwedeza mutu, cholembera chikuthamanga. Maola awiri anatha. Sindinafunse zaka zawo, sindinafunse chifukwa chake makina anali ofundidwa. Ndinabwerera ndikuimba mluzu, ndikudziona kale ndili pa wailesi.

Tsiku la semina chipinda chinadzaza: aphunzitsi kutsogolo, ophunzira kumbuyo, ena ataima pazenera. Aliyense wa ife ankayenera kuonetsa zimene wapeza kuti aloledwe kupitiriza, apo ayi adikire chaka china. Ndinavala jekete yobwereka (mikono inkathera pakati pa dzanja). Ndinayamba ndi kudzudzula akatswiri a mbali ina ija, kuti amalemba ali m'maofesi osafunsa anthu. Kenako ndinati, "Tsopano timve kwa amene anaona ndi maso," n'kuyatsa mawu aja.

M'chipinda munati zii. Ine ndinkaganiza kuti anthu agwidwa chisoni. A Pulofesa anagwira chipumi, ndinati ndi misozi.

Mayi Ndala, mphunzitsi wa mbiri ya zachuma, anakweza dzanja. Ndi munthu wolankhula motsitsa, ndipo n'chifukwa chake tonse tinkawaopa.

"Mwati aphungu anachoka tsiku lomwelo? Nanga si Nyumba ya Malamulo inakhalabe kuno zaka zambiri likulu litasamuka?"

Zimenezo ndinkazidziwa. Zinali m'buku lomwe ndinawerenga mpaka kumapeto. Koma munthu akamamira amagwira chilichonse, ndiye ndinayankha mwaukatswiri kuti chikumbukiro cha anthu wamba chili ndi choonadi chakechake, chimene mapepala a boma sangachifike.

"Chabwino," anatero. "Tabwerezani mawuwo pang'ono."

Ndinabwereza. Anamvetsera atapendeketsa mutu, kenako anavula magalasi.

"Amenewo ndi amalume anga, Che Bwanali. Moyo wawo wonse akhala akugulitsa matemba ku Chilwa. Anabwera kwa akulu awo, Che Amidu, chaka chatha kudzaonetsa maso kuchipatala. Singano sanaigwirepo. Ngakhale mutawapatsa, sangaione."

Kuseka kunayambira kumbuyo, kwa oima pazenera, n'kubwera kutsogolo mzere ndi mzere ngati moto wa pathengo. Wina anafunsa mwaulemu ngati mwendo waufupi unali wamanja kapena wamanzere. Jekete ija inayamba kutentha. Ndinasonkhanitsa mapepala, n'kugwetsa theka, ndipo amene anandithandiza kutola anali Mayi Ndala omwewo.

A Pulofesa anandipatsa masabata atatu. "Mubwerere. Ulendo uno mukatseke pakamwa."

Ndinabwerera wapansi, kuti ndipeze nthawi yokonza nkhope. Che Amidu enieni ndinawapeza: kamunthu kochepa thupi, tepi yoyezera ili m'khosi. Tsiku loyamba lija anali atapita kumsika kukagula ulusi. Ndinafunsa funso limodzi lokha, kuti ntchito inayenda bwanji likulu litachoka.

"Akalaliki anapita, inde," anatero. "Koma kunatsala ana a kukoleji, ofuna mathalauza ndi malaya a fasho. Ndinkasoka mpaka msana kuwawa. Chinatipha ife si Lilongwe, mwanangu. Ndi kaunjika. Munthu angasoketse malaya pamene pamsika aunjika mulu?"

Basi. Mutu wanga wonse wa kafukufuku unagwa ndi ziganizo zisanu ndi chimodzi. Ndinakhala tsiku lonse ndikumva za mabelo a zovala, za matelala amene anasanduka ophatika zigamba ndi ochepetsa m'chiuno, ndipo zinali zabwino kuposa zonse zimene ndinaganiza ndekha. Pepala la kaunjika ndi limene linandipatsa digiri.

Potuluka ndinapeza Che Bwanali pakhonde, akuwothera dzuwa.

"Koma agogo, munandinamiziranji?"

"Ine? Munafunsa ngati pano ndi pa Che Amidu. Ndi pompano. Dzina langa munafunsa?"

"Nanga za malole zija?"

"Inu munabwera ndi mayankho anu m'thumba, bambo, pamodzi ndi shuga. Mlendo wotero n'kumubweza chimanjamanja?"

Kuyambira tsiku limenelo ndimauza aliyense wopita kukafunsa anthu kuti ayambe ndi dzina, afunse funso lopanda "eti" kumapeto, kenako akhale chete. Ndimanena zimenezi ndi nkhope ya munthu amene anaphunzira.

Koma poti ndalonjeza kunena zonse: nditafika pageti, Che Bwanali anandiitana.

"Mukadzafuna za nkhondo ya azungu, mudzabwere. Kumenekonso ndinaliko."

Dzanja langa linali litalowa kale m'thumba, likufufuza foni.