Ana a ku Manje Adya Kale Phala la Disembala

Lolemba

A bwana alengeza pamsonkhano: "Dashibodi yathu imaonetsa zinthu mmene zilili lero lino." Dashibodiyo ndi sikirini ya pakhoma muofesi muno ku Zingwangwa, yoonetsa ana amene amwa phala m'sukulu zathu zinayi za mkombaphala. Ukaiyatsa imatsegukira pa Januwale. Tili mu Okutobala. Kabokosi ka deti a bwana sadziwa kukadina. Alendo otithandiza akubwera Lachisanu, kontirakiti yanga ikutha mwezi uno. Ntchito yanga: sikirini izitsegukira yokha pa tsiku laposachedwa.

Lachiwiri

Zatheka teni koloko isanakwane. Ndikudzigulira mandasi. Koma lero amene atumiza lipoti pafoni ndi a ku Chilomoni okha, ndiye sikirini ikuonetsa sukulu imodzi. A bwana: "Ana enawo mwawapititsa kuti?" Mandasi ndikuwakankhira pambali.

Lachitatu

Ndikuyesa kuti izitsegukira pa deti ya lero basi. Magetsi kulibe ku Bangwe ndi ku Machinjiri, enawo sanatumizenso. Sikirini mbee. Pa zoipa ziwirizi, bola sukulu imodzi. Ndikubwezera za dzulo.

Lachinayi

Ndikuyatsa, yatsegukira pa Disembala! Sukulu imodzi: Manje. Ndikuimbira Mayi Semba, amene amaphika ndi kulemba kumeneko. "Mwana wanga, foni ndimakatchajitsa ku Chilobwe, ndipo phiri ili silikwereka kawiri. Ndangolemberatu mpaka potsekera sukulu. Anawo ndi omwewo, njalanso ndi yomweyo."

Zofunika kuti ndifufute malipoti awowo:
pasiwedi;
mkulu amene anatiikira dashibodi, mwini pasiwediyo;
kuti mkuluyo ayankhe foni. Akuti ali ku Joni.



Lachisanu

Pulani: ndiime pafupi ndi kompyuta, ndidine deti mwachangu alendo asanaone. Malaya ndasita kawiri. Alendo alowa, a bwana akundituma madzi akumwa. Pobwera ndikupeza ayatsa okha, akumwetulira. Mayi wina wa magalasi akuyang'ana sikirini, kenako wotchi yake, kenako ine. Akufunsa mwaulemu ngati ana a Disembalawo phala analikonda. Akujambula ndi foni. A bwana potuluka, motsitsa mawu: "Tikambirana Lolemba."

Loweruka

Wapansi mpaka ku Manje, kukapempha kuti asadzachitenso. Njira ndi miyala yokhayokha chigumukireni phiri nthawi ya namondwe wa Freddy. Pofika pamwamba, mfundo ya Mayi Semba ndayamba kuimvetsa. Akundilandira ngati mlendo wa ku ukwati. Buku lawo ndi laudongo, palibe pofufuta. "Nzeru imeneyi ndagawirako anzanga pa gulupu ya WhatsApp, a ku Bangwe athokoza kwambiri." Andipatsa mapeyala awiri. Zimene ndinadzera sindinanene.

Lamulungu

Ku Misa ulaliki ndi wosadera nkhawa za mawa. Ine za mawa zinalowa kale m'kompyuta. Ndikusita malaya a Lolemba, ndikufufuza envulopu ya satifiketi yanga ya Fomu Folo, ili pansi pa matiresi. Masana ndikutsegula dashibodi pafoni, mwina zasintha.

Zasinthadi. A ku Bangwe atumiza. Yatsegukira pa Malichi chaka chamawa, ana onse amwa phala.