Tsiku limene ndinakoka Mayi Busa mpaka ku Croydon

A Phiri, ikani kaye kapu pansi, chifukwa ndaona kale mmene mwapotolera mlomowo. Inu mwabwera ku London kuno dzana dzanali ndi sutikesi imodzi, lero mukufuna kutsutsa ine Kamtedza, munthu amene ndinaphunzira umakaniko ku Ndirande inu musanabadwe? Amene akuti ndi bodza aimirire pompano, anene kumene anali Loweruka limenelo. Palibe? Ndiye khalani chete mumve, ndipo ndikanama mawu amodzi okha, mano atsalawa agwere m'mbalemu.

Mlongo wanga Esinati, amene anali namwino ku Woolwich, anatisiya, mwana wake Tadala akadali pasukulu, ndiye ine monga malume ndinatsala bambo, mayi, nkhoswe, zonse. Pakhoma pa fulati yawo panali chithunzi cha ukwati wa Esinati ku Zomba: wavala zoyera, wasuzumira pawindo la kagalimoto kakuda kozungulira msana ngati kamba, akuseka. Tadala anakula akuchiyang'ana chithunzicho. Tsiku limene anabwera kudzandiuza kuti wapeza mwamuna sanapemphe china chilichonse. Anangoti, m'Chichewa chake chokhotakhota chija, "Malume, ndikufuna kupita ku tchalitchi pa galimoto ngati ya Mami." Ine pakamwa pangapa ndinati zatheka kale. Ndinalankhula pamaso pa anthu, ndipo kunamiza mwana wa malemu mlongo wanga sindikanatha.

Galimoto ya mtundu womwewo ndinaipeza kuseri kwa nyumba ina, udzu utamera m'kati. Ndinaitcha Mayi Busa, chifukwa inali yakuda, yaulemu, ndipo sinkafuna kufulumizitsidwa ndi munthu. Miyezi isanu ndi umodzi ndinakhala m'galaja pansi pa mafulati a ku Thamesmead, kukhoma, kupala dzimbiri, kupenta, mpaka misonkhano ya komiti ya ukwati sindinapondeko ngakhale umodzi. Zonse zinatheka kupatula kabuleta, kachitsulo kamene kamasakaniza petulo ndi mpweya. Kabuleta wa galimoto yoteroyo simungamupeze m'sitolo. Amapezeka kamodzi pachaka, pamsika wa magalimoto akale padambo lina kuseri kwa Croydon, kumene nkhalamba zachizungu zimasonkhana kusinthana zitsulo. Chaka ndi chaka msikawo umachitika Lamulungu, ndipo ukwati unali Loweruka lotsatira, ndiye ine mtima unali m'malo.

Lamulungu lija ndinakwera basi, basi ina, kenako tiramu, kasitima koyenda mumsewu, ndinafika. Ndinapeza mahatchi atatu akudya udzu ndi pepala pageti. Akuti mvula yawononga dambo, msika tausuntha, bwerani Loweruka. Loweruka lake liti? La ukwati! Mukumva? Geti atsegula eyiti koloko, ndipo khadi la ukwati m'thumba mwangamu linkati teni koloko ku Woolwich. Ndikuuzeni zoona, ndinachita mantha tsiku limenelo.

Munthu wamba akanakhala pansi n'kulira. Ine ndinaganiza: kupita pabasi, kubwera pabasi, kumanga, kuliza, ndikanapeza mkwatibwi ali ndi mwana woyenda. Ndinati ayi, Mayi Busa apite okha kumsika. Loweruka kum'mawa kukuyera ndinavala suti ya ukwati, ndinatenga lekeni, mphira wa chubu uja timamangira katundu panjinga, ndinamanga mbali ina kubampala, ina m'chiuno mwangamu, ndinayamba kukoka. Ndinakoka, ndinakoka, ndinapitirira basi yoyamba, ndinapitirira yachiwiri, pa siteji ina ndinapeza manesi asanu ndi awiri akudandaula kuti achedwa ku shifiti, ndinati kwerani ana anga, anakwera onse ndi zikwama zawo, wina pamiyendo pa mnzake, ine osamva kulemera, apolisi awiri anandiimitsa kufunsa laisensi, ndinawauza kuti munthu woyenda pansi safuna laisensi, anayang'anana, anandichitira sawatcha.

Vuto linabwera pa chitunda cha Shooters Hill. Mayi Busa anakanira m'munsi, ine ndinapitiriza kuyenda osadziwa, lekeni akungotanuka, akungotanuka, ndipo nditafika pageti la msika n'kucheuka, kumbuyo kunalibe galimoto, kunali kachingwe kakuda kowonda ngati ulusi, kolowera ku London. Mukumva, a Phiri? Sindinatekeseke. Ndinamasula m'chiuno, ndinamanga pamtengo wa geti, ndinakhala pansi kupukuta nsapato. Posakhalitsa ndinamva nthungululu m'mwamba. Lekeni anali atabwerera, ndipo Mayi Busa anatulukira pamwamba pa mitengo, manesi akugwedeza manja pamawindo, n'kutera pambali pangapa bwinobwino osaswa ngakhale galasi. Manesi aja anakafika kuntchito shifiti isanayambe.

Geti litatsegulidwa ndinalowa. Abale, dzimbiri limene lili kumeneko! Matebulo mizeremizere, nyale, mawilo, zitseko, mabawuti m'zitini za masikono, nkhalamba zitavala zipewa zikusisita zitsulo ngati zidzukulu. Ndinanunkhiza mpweya kamodzi kokha, mphuno inanditengera patebulo la mdala wina wa ndevu zoyera dzina lake Denisi, ndipo kabuleta wanga anali pomwepo, atakulungidwa m'sokosi. Koma mdalayo anakana kugulitsa. Anati iye amangosinthanitsa, ndipo mwambo umenewu sanauswepo chibadwire. Anafunsa chimene ndabweretsa. Ine ndinali ndi suti, lekeni ndi manja awiriwa basi.

Pambali pake panali galimoto yake yobiriwira, imene anati sinalirepo zaka makumi awiri, akatswiri onse a ku Mangalande atalephera. Ndinamuuza kuti ikalira andipatse kabuleta. Anaseka mpaka ndevu kugwedera, koma anavomera. Ndinavula jekete, ndinaika khutu pa boneti, ndinamva kuti ikudwala katatu. Pothontha petulo ndinamata sopo, pa fyuzi ndinaika pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, waya wa hang'ala ndinamanga pamene pankagwedera, kenako ndinaimenya khofi limodzi ngati mmene tinkachitira ku Ndirande. Inalira! Ndipo itangolira iyo, ya pambali pake inamva nayo n'kulira, inayo n'kulira, mzere wonse, magalimoto makumi anayi, ina mwa iyo inalibe n'komwe injini koma inalira chifukwa cha manyazi, mahatchi aja anathawa, nkhalamba zinaponya zipewa m'mwamba, Denisi misozi mbwembwembwe, n'kundipatsa kabuleta ndi manja awiri atagwada, chifukwa ndinali nditamuphunzitsa kale kaperekedwe ka kwathu.

Ndinamanga kabuleta ndi supuni ya tiyi, mabawuti awiri omaliza ndinalimbitsa ndi mano, n'chifukwa chake mukuona mpata apawu. Wotchi inkati teni tu teni. Ndinapotokola kiyi, zii. Petulo! M'miyezi yonse ija sindinathiremo ngakhale dontho, popeza galimoto yosalira sifuna petulo. Koma m'thumba la suti ndinali ndi tsabola wa kambuzi, amene ndimayenda naye pa maukwati chifukwa zakudya za kuno sizimveka kukamwa. Ndinatenga mbewu zitatu, ndinazitikita, ndinathira m'thanki pamodzi ndi tiyi wa m'fulasiki ya Denisi. Mayi Busa anayetsemula kamodzi, zitsulo zonse za pamatebulo zinagwa pansi. Anayetsemula kachiwiri, tinali pamsewu.

Liwiro limenelo sindidzalionanso. Nyumba zinkaoneka ngati mzere umodzi, nkhunda zinathothoka nthenga, tiramu inaima kutipatsa njira, kamera ya pamsewu inaphethira koma inangojambula utsi, ndipo mthunzi wanga weniweniwu unatsalira ku Croydon, unabwera Lolemba pabasi utatopa. Ndinanyamuka teni tu teni, ndinafika pa fulati ya Tadala kota tu. Mukumva? Ndinafika ndisananyamuke. A Phiri, musawerenge zala, inu kunalibe.

Ndinaliza hutala, ndinakwera masitepe ndikufuula kuti mkwatibwi atuluke, tachedwa. Ndinapeza Tadala atakhala pansi, atavala chitenje, mutu ataluka mbali imodzi yokha, azimayi akukazinga mandasi mosadera nkhawa. Mayi Gondwe, wapampando wa komiti, anandiyang'ana suti yonse mafuta okhaokha, anaseka mpaka kugwira khoma. Anati abusa anatipatsa wani koloko, koma pakhadi tinalemba teni kuti Amalawi afike pa nthawi yake. Aliyense ankadziwa. Ine ndemwe amene ndinayambitsa nzeru imeneyi pa maukwati a ku London kuno, ndiye tsiku limodzi lokha m'moyo wanga ndinakhulupirira khadi. Ndinakwiya kwambiri, mpaka ndinadya mandasi asanu ndi atatu. Kenako ndinatsika n'kuzimitsa injini.

Tsopano apa nditsitse mawu pang'ono. Hafu thwelofu itakwana, atamanga maliboni, Tadala atatsika ndi diresi lake loyera, ndinapotokola kiyi, Mayi Busa anangoti duu. Ndinathira kambuzi yense, ndinamenya khofi, ndinanyengerera, ndinatchula dzina la Esinati chamumtima, palibe. Akuchimuna anali atabwereka chigalimoto choyera chachitali, chinaima pomwepo chitseko chili chotsegula, ndipo anthu anayamba kumukokera mwanayo kumeneko. Ine ndinagwira chiwongolero, maso pansi ndi manyazi. Ndinamva chitseko cha kumbuyo chikutseguka.

"Ine ndikwera ya Malume," anatero Tadala. "Mami anakwera yotere."

Mayi Gondwe anavula nsapato zazitali n'kumanga chitenje m'chiuno. Anzake a Esinati, azimayi amene amanyamula odwala tsiku ndi tsiku m'zipatala ndi m'nyumba za okalamba, anaika manja pagalimoto n'kuyambitsa nyimbo. Ndinapatsa chiwongolero mayi wina wodziwa kuyendetsa, ine ndinapita kumbuyo kukakankha nawo. Tinadutsa pamsika wa Woolwich pang'onopang'ono, ogulitsa nsomba akuomba m'manja, mabasi atafola kumbuyo kwathu, Tadala atasuzumira pawindo akuseka, misozi ikutsika. Tinafika pa tchalitchi wani koloko ndendende.

Ndikukuonani, a Phiri, mukufuna kunena kuti ndiye kuti galimoto inalephera. Inalephera chiyani? Mukapita kwa Tadala, chithunzi cha ku Zomba chija chikadali pakhoma. Mukachiyang'ane bwinobwino chakumapeto, pamene wojambula anadulira, pamwamba pa buti. Mukaona zala zinayi. Ndi zanga zimenezo. Esinati nayenso tinachita kumukankha, kuchokera kunyumba mpaka kutchalitchi, ndipo zaka zonsezi sindinauzeko munthu. Mwana anapempha ulendo ngati wa mayi ake, ndipo ine Kamtedza ndinamupatsa womwewo, osachotsapo kanthu. Tsopano ndipatsireni kambuziyo, nyama ikuzizira.