Sabata Yokana Kaunjika

Lolemba
Wailesi yati kwacha ikugwa chifukwa dziko likugula zambiri kunja kuposa zomwe likugulitsako. Shuga wa pa Dwangwa pano akupita, fodya akupita, koma zobwera n'zochuluka. Matipate atitsegulira zipata, kaunjika walowa ngati dzombe. Ndiye ine telala ndalumbira: sabata ino cha kunja sindikhudza. Akazi anga, mayi a Zainabu, nawonso alumbira zawo: "Likafika Lamulungu popanda kasitomala, makina osokerawa tigulitsa, tigule belo."

Lachiwiri
Singano yathyoka. Ya kugolosale, zilembo za pakapepala kake n'za ku China. Ndagula nditayang'ana kumbali.

Lachitatu
Kalembera wa pakhonde panga:
ulusi, wakunja
mazipi, akunja
mabatani, akunja
makina enieniwo ndidabwera nawo kuchokera ku Joni, nthawi ija tinkatumiza ndalama za kumigodi, mudzi wonse n'kumanona.
Zachimalawi pano ndi mpando ndi ine.

Lachinayi
Abwera a Mhango odula nzimbe. Suti ya ukwati wawo ndidasoka ndine, nsalu yowombedwa kwathu konkuno, apongozi mpaka kudzandigwira chanza. Lero apakatira buluku la kaunjika loti mulowe anthu awiri. "Mungondichepetserako, a telala." Ndakana. Apita, ine mtima kuwawa.

Lachisanu
Ku mzikiti. Kale Idi ikayandikira ndinkasoka mikanjo mpaka miyendo kutupa. Lero mzere wonse wakutsogolo ndi mikanjo ya ku Tanzania. Ndadandaula kunyumba. Mayi a Zainabu angoloza kofia ili pamutu pangayi, kuti nayonso adaigula kwa ogulitsa mikanjo omwewo.

Loweruka
Mayi a Zainabu abweretsa munthu wodzaona makina. Akuwapalasa ngati njinga yakuba. Makina anga! Ndavala patapata, liwiro mpaka kumalayini kwa a Mhango. "Buluku lija bwerani nalo, ndimangocheza."

Lamulungu
A Mhango afika ndi anzawo, mabuluku asanu ndi awiri. Makina atsala. Kwacha, akuti, ikugwabe. Tsiku lonse ndikudula miyendo ya azungu oti sindidawaonepo. Ndasowa kuyeza munthu paphewa, choko chili kukhutu, nsalu yatsopano ikununkhira. Koma chilungamo chake, adasoka buluku lachitatuli ndi katswiri. Ndakhala kanthawi ndikusisita msoko wake ndisanauphwasule.