Loko wa bambo wa ku Joni

Lolemba

Loko wa pachitseko cha amayi wathyoka. Ndi loko wa malemu bambo, amene anabwera naye kuchokera ku Joni atamukulunga m'bulangete, ine ndisanabadwe. Wakuda bii, wolemera, kiyi wake wautali kuposa chala changa.

Achimwene aimba foni kuchokera ku Lilongwe: "Munthu wamkulu ngati ameneyo sangamagone m'nyumba yosakhoma. Lamulungu ndikubwera ndi galimoto. Ndikapeza chitseko chili chomwecho, amayi ndikuwatenga."

Amayi Lilongwe samufuna. Loko wa kugolosale samufunanso. Akuti, "Pachitseko cha bambo anu musandiikirepo zidole."

Ndiye ntchito yagwera ine. Masiku alipo ambiri. Zochepa izi!

Lachiwiri

Ndamasula loko ndi mpeni wa kukhitchini. M'katimo muli mudzi wathunthu! Ndapeza:
– timasipuling'i tiwiri
– chisa cha mavu (eni ake anasamuka kalekale)
– fumbi lodzaza supuni
– kachitsulo kokhota ngati nyanga ya mbuzi, kothyoka pakati. Kiyi amakankha kameneka kuti chitseko chikhomeke.

Chondidabwitsa n'chakuti pothyokapo sipanapindike ngakhale pang'ono. Pangoti phwa, m'kati muli timchenga totuwa. Chitsulo chanji chosadziwa kupindika? Ndakanunkhiza. Ndakanyambitako. Mkazi wanga Nambewe akundiyang'ana, akupitiriza kusenda kachewere.

Ndamata ndi guluu uja timamatira nsapato. Ndapotokola kiyi. Phwa!

Lachitatu

Ndili pa Tsangano, kwa a Dikisoni owotcherera. Magetsi kulibe mpaka masana, ndikungowerenga malole a kabichi.

A Dikisoni akatembenuza kachitsulo m'manja. "Kasiti uyu, bwana. Amachita kumusungunula n'kumuthira m'chikombole ngati njerwa. Koma tiyesa."

Awotcherera. Kenaka, monga amachitira ndi makasu ndi zitsulo za ngolo, akaponya m'chidebe cha madzi. Tsss! Ndiyeno kaphokoso kakang'ono: thi!

Zidutswa tsopano zitatu.

"Nanga si ndinanena kuti ndi kasiti?"

Njira yonse funso likundizunguza mutu: khasu lotentha limalowa m'madzi n'kutuluka bwinobwino, nanga ichi chimadana nawo bwanji madzi?

Lachinayi

Ndapita kwa a Magombo, anzawo a bambo a ku Joni, amene anagwirako ntchito kosungunulira zitsulo. Maso anafooka, pakamwa ayi. Malangizo awo:
1. Kachitsulo katenthedwe konse pamakala kaye.
2. Kalumikizidwe ndi mkuwa.
3. Madzi ayi! Mphepo ayi! Kakwiriridwe m'phulusa lotentha, kazizire kokha mpaka mawa lake.

"Kasiti ngwamantha, mwana wanga. Ukamudzidzimutsa amasweka."

Andiuzanso zimene sindimadziwa. Akuti lokoyu bambo anamutola pamene ankagumula nyumba yakale ya kumgodi, n'kunena kuti, "Mkazi wanga azidzagona tulo ine kulibe." Nthawi imeneyo kuno kunalibe ngakhale njerwa imodzi. Anayamba ndi loko, nyumba inabwera pambuyo!

Pobwerera ndayenda pang'onopang'ono. Ndawasowa bambo lero.

Lachisanu

Pa Tsangano kachiwiri, nditasenza mbaula, makala ndi poto wa phulusa. Anthu a pamsika akufunsa ngati ndayamba geni ya chimanga chootcha. A Dikisoni akuseka, koma akutsatira zonse. Chidebe cha madzi ndachikhalira ndekha kuti asaiwale.

Mkuwa wayenderera m'ming'alu mokongola zedi. Ndikanakhala ndi nthawi ndikanaonerera tsiku lonse.

Kachitsulo ndabwera nako kali m'poto, poto ali m'chiguduli. Pofika ndakakwirira m'phulusa la pamafuwa kukhitchini, Nambewe atangophula ndiwo. Sindinamuuze. Ndikufuna mawa adzaone yekha mtundu wa mwamuna amene anakwatiwa naye.

Amayi afunsa, "Zatheka?"

Ndati, "Mawa mumva kiyi akulira."

Amwetulira. Aka n'koyamba sabata ino.

Loweruka

Ndalawira kudimba kukathirira, kuti kachitsulo kazizire bwinobwino. Pobwera ndalunjika kukhitchini. Pamafuwa pali mbee! Posesedwa, pozira.

Nambewe: "Achimwene anu akubwera mawa ndi akazi awo a m'tauni. Phulusa lonse ndakathira m'chimbudzi kuti musamveke fungo. Mwaiwala kuti alendo akamabwera timatero?"

Sindinaiwale. Kungoti sindinaganize.

Dzenje limenelo ndinakumba ndine, lakuya kuposa onse m'mudzi muno, ndipo ndinkadzitama nalo.

Ndachotsa maginito m'sipika ya wailesi, ndamangirira kunsungwi, ndatsitsira m'dzenjemo. Zimene zatuluka:
– misomali iwiri
– chotsekera botolo
– supuni ija tinamunamizira mlendo chaka chatha

Kachitsulo ayi. Wailesi nayo yasiya kulankhula.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti sindikudziwa ngati kanagwira. Mwina kali pansipo kamphumphu, kolimba kuposa kale!

Lamulungu

Achimwene afika titangoweruka kutchalitchi. Akankha chitseko ndi chala chimodzi, chatseguka. Mlamu wanga wayamikira kuti chimbudzi chathu n'chaukhondo.

Ndawachonderera amayi kuti ndithamangire loko wa kugolosale, wongoyembekezera. Apukusa mutu. Chikwama anali atalongedza kale, ndipo sindikudziwa kuti anachita liti.

Kiyi sanandisiyire. Amumangirira pansonga ya chitenje, mfundo ziwiri. Galimoto italira, atsitsa galasi n'kunena kuti, "Ukakonza undiimbire, ndibwere."

Ndati, "Chabwino, amayi."

Apita. Chitseko ndachitsekera ndi mwala. Loko ali patebulo, woyasama pakamwa, timasipuling'i take tili m'sosala.

Nambewe akuti kumunda kwa a Magombo kuli nsungwi zazitali kuposa yanga ija.