Linki ya Nkhuku pa Chinkhoswe Changa

Manyazi akadakhala kuti amapha, bwenzi pano mutadya kale nyemba za pamaliro anga.

Ine ndimaweta nkhuku zamikolongwe pa Namadzi, ndipo ndine munthu wosaugwira mtima. Nditaona anzanga akujambula timavidiyo n'kumamaliza ndi mawu akuti "linki ili pa pulofailo", ndinati nanenso ndisatsalire. Ndinatsegula gulupu ya makasitomala pa foni, kuti aliyense wosirira atambala anga azingodina linkiyo n'kugweramo.

Chinandipweteka ndi phuma. Linkiyo ndinaikopa ndili pa kabaza, dzanja lina litagwira dengu (musandifunse chomwe ndinkathamangira, nanenso sindikuchidziwa). Osayang'ana kawiri, ndinaimata pa pulofailo. Kenako vidiyo: "Dinani pamwambapo, lowani nonse, muitanenso anzanu."

Tsiku lonse gulupu ya nkhuku inali zii. Ndinkangoitsegula, kutseka, kuzimitsa foni, kuyatsanso, kutukwana netiweki. Panali gulupu inanso, yokonzekera chinkhoswe changa ndi Esinati, momwe munali ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Imeneyo ndinali nditaitseka pakamwa, ati imandisokoneza bizinesi.

Chakumadzulo anaimba atsibweni ake a Esinati, a ku Milepa, munthu woti ndikamalankhula naye pa foni ndimavula chipewa.

"Bambo, kodi kwanuko mulipo angati?"

"Bwanji atsibweni?"

"M'gulupu ya chinkhoswe muno mwadzaza anthu osadziwa ndi moni yemwe. Wina akufunsa ngati tambala amene mudzatipatse pa mwambo ali wogulitsa."

Ndinathamangira kuitsegula gulupuyo. Linki yomwe ndinamata inali ya chinkhoswe. Mayi wina wosadziwika anali akutsutsa mtundu wa chitenje chomwe apongozi anga anasankha. Wina ankafunsa ankhoswe anga za katemera wa chitopa. Ndinayamba kuwachotsa, koma ndikachotsa uyu akulowa ena, poti linki ija inali ikadali pa pulofailo, vidiyo nayo ikuitanabe anthu. Pomwe nzeru zoichotsa zinkandibwerera n'kuti azakhali anga atalengeza kale m'gulupumo tsiku ndi malo, mpaka njira yodulira kuchokera pa chipatala.

Patsikulo anabweradi, ena pa kabaza, ena wapansi, atanyamula madengu opanda kanthu. Anadya, anavina, anajambula. Atsibweni, omwe anatanganidwa ndi mwambo wosinthana tambala ndi thadzi, anakapeza m'poto wa mpunga mwatsala nkhoko zokha. Mmene anandiyang'anira, ndinadziwa kuti mkazi ndimutaya lero. Ndinaopa zenizeni. Ndipo pa chigulu chonsecho palibe anagula nkhuku ngakhale imodzi.

Esinati anandikhululukira, ukwati ulipo. Koma ndine mkamwini ku Milepa komweko, ndipo pakakhala nkhani ya pabanja, atsibweni sayamba ndi pemphero. Amayamba ndi ine: "Akamwini, foniyo kaisiyeni kaye m'nyumba."

Ndimakaisiya ndithu, mwaulemu wonse. Inayo yaing'ono sakuidziwa.